Chipepeso Chosowa Anamfedwa

A Kaitano Phiri ndege sanaiyendetsepo, ndipo kunena mosabisa, ngakhale kukwera kumene anali asanakwerepo. Koma pakampani ina yaing'ono ya ndege zonyamula katundu, kuseri kwa bwalo lalikulu la ndege ku Kempton Park, ku Joni, panalibe ndege imene inkanyamuka iwo asanagwire foni. Ntchito yawo inali yogawa mapayiloti: uyu apite ku Lusaka, uyu ku Lubumbashi, uyu akagone chifukwa maola ake akwana. Kugawako amakutcha rosita. Payiloti akadwala, kapena akangodzuka ndi mphwayi n'kunamizira chimfine, a Kaitano ndiwo ankasaka wina womulowa m'malo. Ndipo ankamupeza. Bambo ameneyu anali ndi pakamwa, abale.

Anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Karoi, ku Zimbabwe. Bambo awo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, akuti akagule njinga n'kubwerera. Njingayo anaguladi, koma kubwerera ayi. Anatchona, nafera pafamu pomwepo. A Kaitano anakula ana a Chishona akuwatcha mubwidi, mlendo wopanda mudzi, pamene kunyumba ankauzidwa tsiku ndi tsiku kuti kwawo ndi ku Malawi, dziko limene ankangolimvera m'nyimbo za ku tchalitchi cha pakomboni. Famu italandidwa, manda a bambo awo analimidwa pamodzi ndi munda. Anayendayenda, maganyu apa, maganyu apo, ndipo mu 2008 anatsika basi ku Joni ndi mkazi wawo Nester ndi mwana wawo Farai, nyengo yomwe ija alendo ankasakidwa m'makomboni. Anagona pabwalo la polisi pamodzi ndi Amalawi ambirimbiri, iwo mumtima n'kumati tsopano ndapeza abale anga. Atangotsekula pakamwa, wina anaseka. "Chichewa cha ku Halale chimenechi," anatero. Sanawathamangitse, komanso panalibe amene anasendera kuti awapatse malo pamkeka.

Pakampani ya ndege analowera kotsuka kombi yonyamula mapayiloti, kenako anayamba kuiyendetsa. Mukombimo ndi mmene anawaphunzirira anthu ake: kaputeni uyu amakonda kutamidwa, uyu akuthawa phokoso la kunyumba, uyu usamulankhule asanamwe khofi. Anawaonanso akubwerako ku maulendo, azibambo a nyota paphewa akugona pakamwa pali yasa galimoto isanatuluke n'komwe pageti. Tsiku lina Mayi Veronika, bwana woyang'anira maulendo, anawamva akunyengerera kaputeni wina wolusa amene ankafuna kubwerera kunyumba chifukwa ndege inachedwa kupakiridwa. Kaputeniyo anakwera ndege akuseka. Sabata yotsatira a Kaitano anapatsidwa mpando muofesi.

Ntchitoyo ili ndi malamulo ake. Payiloti si ng'ombe ya pangolo yoti uzingoikwapula. Akauluka maola akutiakuti, lamulo limati apume, ndipo asanapume mokwanira ndege saigwira, ngakhale bwana atalira motani. Tsiku la ofu, lopuma pa rosita, ndi lake. Ukhoza kumupempha kuti abwere, koma kumukakamiza ayi. Tsono kupemphako ndi kumene a Kaitano ankadyerapo. Ankayamba ndi kufunsa za ana, za galu, za bondo lopweteka lija, ndipo pofika pa nkhani ya ndege munthu anali atayamba kale kufunafuna nsapato. Akadula foni ankatembenuka pampando n'kuuza aliyense amene anali pafupi kuti mawu okoma anatulutsa njovu m'munda, kenako n'kumasulira m'Chingerezi kuti azungu amve nawo. Kudzitama analidi nako, tisawabisire.

Mu 2012 kunabwera payiloti wachinyamata, wothandizira kaputeni, dzina lake Chikondwero, wa ku Zomba. Pakati pa mapayiloti onse a pakampanipo munthu wakuda anali yekhayo, mlendonso. Tsiku lina anapeza a Kaitano akukalipira kompyuta m'Chichewa, ndipo m'malo moseka kalankhulidwe kawo anafunsa kuti, "Pepani bambo, mfunda wanu ndani?"

"Phiri."

"Aa, ndiye ndapeza malume. Mayi anga ndi Naphiri."

A Kaitano anaseka, kuyesa ndi macheza a achinyamata. Sanali macheza. Mnyamatayo akapita ku Blantyre ankabwerako ndi tsabola wa kambuzi ndi nandolo, n'kuziika patebulo pawo kuti izi n'za malume. Ankabwera ku Ivory Park, kumene a Kaitano ankachita lendi, kudzakhala pa kereti n'kumathandiza Farai masamu. Analonjezanso kuti akadzakhala kaputeni adzawapemphera chilolezo, adzakhale pakampando ka kumbuyo kwa mapayiloti, akaone Ntcheu ali kumwamba asanaiponde. Lamlungu lina anawatenga ku Yeoville, kubungwe la maliro la Amalawi, kumene kale anawabweza mwaulemu kuti a ku Halale ali ndi lawo. Chikondwero anaimirira pakati pa akuluakulu n'kunena kuti, "Awa ndi malume anga. Kwawo ndi ku Ntcheu." Panalibe amene anatsutsa. Wina anadzuka n'kuwapatsa mpando. Pobwerera a Kaitano analira mutekisi, Nester akuwatsina kuti anthu akuona. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti munthu wa ku Malawi awatchule kuti mbale wake pagulu.

Malume ndi mphwake amauzana zakukhosi, ndipo ndi mmene a Kaitano anadziwira bala la Chikondwero. Bambo ake anamwalira iye ali kusukulu ya ndege, sabata ya mayeso, ndipo pofika ku Zomba anapeza adzukulu atakwirira kale. Anangoona mulu wa dothi ndi nkhata zofota. Kuyambira pamenepo analumbira kuti palibe maliro amene adzachedwe chifukwa cha iye. Kampaniyo nthawi zina inkanyamula mabokosi a Amalawi omwalira ku Joni, ndipo ulendo wotero ukamugwera, ankayamba wapita kumene amaika katundu, kuvula chipewa, kuima pambali pa bokosi kanthawi. Ankanyamulanso kajumbo ka shuga ndi masamba a tiyi, chipepeso chokapatsa anamfedwa amene ankadikira pabwalo la ndege ku Chileka. Azungu anzake ankangodabwa nazo. A Kaitano ankaonerera pawindo, n'kumauza anzawo a muofesi kuti uyo ndi mwana wa mlongo wanga.

Mu 2014 pakampanipo panabuka mkangano. Mapayiloti angapo anali atathawira kumakampani a kwa Aluya, ndipo mabwana sanalembe ena. Otsalawo ankauluka mpaka pamalire penipeni pa lamulo, maso ali psuu, rosita ikusinthidwa munthu ali kale pansewu. Yuniyoni yawo, yotsogozedwa ndi kaputeni wina wa imvi dzina lake Davide, inapempha zinthu zomveka: alembedwe mapayiloti ena, rosita ikatuluka isamasinthidwe mwachisawawa, ndipo kupuma kuziwerengedwa kuyambira pamene munthu wafika pogona, osati pamene injini yazima. A Kaitano, amene anawaonapo anthuwa akugona mukombi, mumtima ankadziwa kuti akunena zoona, koma pakamwa ankangoti ife ndi a mbali zonse. Mbali ziwirizo zinakhala pansi kangapo, kumwa tiyi wa kuhotela, n'kubalalika chimanjamanja. Kenako yuniyoni inagamula. Sitalaka ayi, aliyense azigwira ntchito monga mwa rosita, koma pa tsiku la ofu wina asayerekeze kuvomera. Ankadziwa kuti kampaniyo inkayenda chifukwa cha anthu ovomera pa ofu.

Apa ndiye mawu okoma aja anayamba kubwerera okha. A Kaitano ankaimba foni, kufunsa za galu, munthu n'kufotokoza za galuyo bwinobwino, pomaliza n'kuti, "Sorry, Kaitano." Ndege zinayamba kugona pansi. Chikondwero nayenso anali mu yuniyoni, ndipo kwa iye nkhaniyi inali yolemera kuposa kwa anzake, pakuti ena ankanong'onezana kale kuti mlendoyu ndi wa mabwana, adzakhala woyamba kugonja. Davide ndiye ankamuikira kumbuyo, ndipo ndiye ankamukonzera njira ya ukaputeni. Mnyamatayo anachita kubwera yekha kudzawachenjeza.

"Malume, nyengo ino musandiimbire pa ofu. Ndikangoterereka kamodzi, anthu awa sadzandikhulupiriranso."

"Usade nkhawa, mphwanga," anatero a Kaitano, ndipo tsiku limenelo ankanena kuchokera pansi pa mtima.

Lachinayi lina m'mawa, ndege ya ku Blantyre inali itapakiridwa kale mapaipi ndi zitsulo za makina obowolera pansi, katundu wa kasitomala wamkulu amene anali ataopseza kuti akangochedwanso asamukira kwina. Kaputeni analipo, mkulu wa mapayiloti, amene anali mbali ya mabwana. Womuthandizira ndiye panalibe. Amene anali pa rosita anachedwa ku Lubumbashi dzulo lake ndege itawonongeka, ndipo lamulo linkati agone. A Kaitano anaimbira onse a pa ofu, onse anakana. Anatsala mmodzi.

Mayi Veronika anaima kumbuyo kwa mpando wawo. "Nanga mphwanu uja?" anafunsa m'Chingerezi. "Mesa mumati palibe angakukaneni? Kasitomala ameneyu akachoka, ndege imodzi iima, ndipo ofesi ino sifunikanso anthu awiri."

Tinene chilungamo, mayiyo sanawauze kuti aname. Mantha analipo, inde, poti mapepala awo okhalira m'dzikomo ankadalira ntchito. Koma panalinso kena kamene sakonda kukakumbuka: mawu aja oti mesa mumati palibe angakukaneni anawalasa pamtima, anzawo a muofesi akumva. Anagwira foni.

"Malume, ndinakupemphani," anatero Chikondwero asanapereke n'komwe moni.

"Ndikudziwa, mphwanga. Ndangoti ndiyese."

"Sindingathe. Pepani."

Pamenepo akanadula, bwenzi nkhani ino palibe. Koma lilime linali litazolowera kupambana. Anangomva pakamwa pawo pakunena kuti, "Basi, palibe kanthu. Kungoti m'ndegemo muli maliro."



"A ndani?"

"A bambo Ambrose, mmisiri womanga nyumba wa kutchalitchi kwathu kuno ku Ivory Park. Kwawo ndi ku Thyolo. Anthu ayamba kale kugona pasiwa, akungodikira thupi."

Choipa n'chakuti bodzalo linali ndi mbali yoona. Bambo Ambrose anamwaliradi, ndipo poyamba bokosi lawo linayenera kukwera ndege yomweyo. Koma abale anasintha maganizo, thupi linanyamuka pansewu Lachiwiri, pa thirela, ndipo a Kaitano anali nawo pagulu loimba nyimbo poperekeza. Nthawi imene ankalankhula pafoniyo, bambo Ambrose mwina anali atadutsa kale ku Mwanza.

"Ndikubwera," anatero Chikondwero.

Mayi Veronika, amene sanamve ngakhale liwu limodzi la Chichewacho, anawasisita paphewa n'kubwerera muofesi mwawo.

Chikondwero anafika dzuwa litakwera, atavala yunifolomu, kajumbo kali m'manja. Anali ataima pasitolo panjira. Pakhonde anakumana ndi Davide, amene anabwera kudzachita msonkhano wina ndi mabwana. Mkuluyo anangomuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Chikondwero anasaina kuti walowa ntchito. Tsono lamulo lina ndi ili: payiloti akasaina sangabwererenso, pokhapokha atadwala kapena ataona kuti ndege ili ndi vuto, apo ayi ndi mlandu wochotsetsa ntchito. A Kaitano lamuloli ankalidziwa bwino lomwe, ndipo anaonerera cholembera chikuyenda.

Ankaganiza kuti zatha, ndege inyamuka, za mawa zidzaoneka mawa. Munthu amene ankadziwa khalidwe la payiloti aliyense anaiwala khalidwe la mphwake. Mnyamatayo anasuzumira muofesi.

"Malume, tiyeni tikawaone malemu. Inu ndi amene mumawadziwa."

A Kaitano anavala kajekete konyezimira kamene amavala opita kundege, natsatira. Kuchokera kuofesi kukafika pamene panaima ndegeyo si patali. Ankati ndinena tikafika pa thanki apo, atafika pathanki ankati ndinena tikadutsa galimoto iyo. Chikondwero anafunsa ngati malemu asiya ana. "Atatu," iwo anayankha, ndipo zinali zoona. Anafunsanso ngati anadwala nthawi yaitali, iwo n'kufotokoza, zoonanso. Anafotokoza mpaka anafika.

Pakhomo la katundu Chikondwero anavula chipewa. A Kaitano, Mulungu awakhululukire, anavulanso kapu yawo. Anthu awiri anzeru zawo anaima pamenepo atazolika, kulemekeza mapaipi. Opakira katundu anasiya ntchito n'kumayang'anana. Chikondwero anakwera m'kati, anayenda mpaka kumapeto, anasuzumira kuseri kwa makereti, nabwerera. Anafunsa kapitawo wa opakirawo m'Chizulu kuti bokosi la maliro aliika pati.

"Bokosi liti, bwana?" anatero kapitawoyo. "Muno muli zitsulo zokhazokha. Kapena chitsulo china chamwalira?"

Anzake anaseka chikhakhali. Chikondwero sanaseke. Anatsika, naima maso ndi maso ndi a Kaitano. Akanawatukwana bwenzi zili bwino, ngakhale mbama akanailandira mothokoza. Iye anangowayang'ana, kudikira kuti mwina anena kuti pali kulakwitsa, mwina bokosi likubwera m'mbuyo. Anawapatsa mpata ndithu. A Kaitano anayang'ana nsapato zawo, kapu ili m'manja. Mnyamatayo anavala chipewa chake pang'onopang'ono, anatola kajumbo kake, nakwera kutsogolo. Ndege inanyamuka pa nthawi yake.

Zotsatira zake zinagwera amene sanalakwe. Pamsonkhano wa tsiku lomwelo mabwana anauza Davide kuti mwaona, mapayiloti anu ndi okonzeka kugwira ntchito, ovuta ndinu atsogoleri. Zokambirana zinabwerera m'mbuyo. M'kabati ya Chikondwero wina anaikamo msampha wa makoswe, pakuti kumeneko wogwira ntchito anzake atanyanyala amamutcha igundane, ndiye kuti khoswe. Makaputeni ankauluka naye mpaka ku Lusaka n'kubwerako osamulankhula china kupatula za ntchito. Yuniyoni itamuitana kuti afotokoze, anangoti, "Ndinapemphedwa, ndinavomera." Akanangonena kuti anandinamiza, a Kaitano bwenzi atachotsedwa tsiku lomwelo, chifukwa kunamiza payiloti za zimene zili m'ndege si mlandu wamasewera. Sananene.

Davide sanakhutire. Anabwera muofesi, natseka chitseko.

"Kaitano, mnyamata uja ndimamudziwa. Sakanangobwera wamba. Unamuuza chiyani?"

Uwu unali mpata wachiwiri, ndipo unali waukulu. Liwu limodzi likanamutsuka mnyamatayo pamaso pa anzake onse.

"Ndinangomupempha, kaputeni."

Tsiku lomwelo Mayi Veronika anawagulira keke ya kirimu yothokoza. Anainyamula mutekisi mpaka ku Ivory Park. Farai anadya n'kunyambita zala, iwo anati m'mimba simuli bwino.

Nester si mkazi womubisira kanthu. Ataona kuti amuna ake akungotosatosa chakudya, ndipo Lamlungu akana kupita ku Yeoville, anawapanikiza mpaka zonse zinatuluka. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunawawa kwambiri.

"Ndiye munatchula dzina la bambo Ambrose?" anafunsa. "Munthu ali pa ulendo wopita kumanda, inu n'kumutsitsa kuti akukankhireni ndege? Pitani mukagwade, bambo a Farai."

Iwo anati apita mawa. Mawalo anapitadi mpaka pamalo oimika magalimoto, mawu onse atawakonza bwino, koma atangoona Chikondwero akutsika m'galimoto anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Kuyambira pamenepo akamva mawu ake pakhonde ankathawira kuchimbudzi, bambo wamkulu wa mwana wa kusekondale. Rosita ankamutumizira pa kompyuta.

Mgwirizano unadzasainidwa patapita miyezi, mapayiloti atapeza zina n'kutaya zina. Mwa zimene anapeza munali lamulo latsopano loti munthu wa muofesi asamaimbirenso foni payiloti amene ali pa ofu. Pempho lizipita lolembedwa, wofuna ayankhe. Chaka chotsatira Chikondwero nayenso anapita kwa Aluya, ukaputeni uja asanaulawe. Pofika 2019 a Kaitano anali akadali pampando womwewo, kutumiza mauthenga pakamwa pali potseka. Ku Malawi anali asanapitebe, ndipo ku Yeoville anasiya okha popanda wowathamangitsa. Zonsezi ankazipirira. Chimene chinkawatulutsa thukuta akachikumbuka ndi Lamlungu lina, masabata ochepa chichitikireni za ndege zija.

Anali atangobwera kutchalitchi, atakhala pakhomo pa kanyumba kawo, pamene galimoto ya Chikondwero inaima pansewu. Anamva kupepuka: wabwera kudzakalipa, akalipe, ndigwade, zithe. Koma mnyamatayo sanati odi, sanapereke moni. Analowa pang'onopang'ono, chipewa kudzanja ili, kajumbo kaja kudzanja linalo. Anakana mpando umene Nester anamupatsa, nakhala pa njerwa pafupi ndi mpanda atazolika, monga amakhalira munthu amene wafika pasiwa.

Ku Ivory Park nyumba n'zothinana, ndipo mbali imeneyo kuli Amalawi ambiri. Mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pampanda. Anaona mlendo atakhala pansi chipewa chili m'manja, anaona jumbo la shuga, anaona eni nyumba ali chete, ndipo anathamangira m'nyumba kukamanga chitenje, akuitana mnzake wa kuseri.

Chikondwero anadzuka, ananjuta pamaso pa a Kaitano, nawapatsa kajumbo kaja ndi manja awiri.

"Ku Chileka kunalibe womupatsa," anatero motsitsa mawu. "Chipepeso sichibwerera kunyumba. Uthenga munandiuza ndinu, ndiye anamfedwa ndinu."

"Mphwanga, ndimati ndibwere..."

"Musavutike, a Phiri. Ine ndinali ndi malume kuno ku Joni, koma ndinawataya tsiku lija pansi pa ndege. Pepani."

Anawagwira dzanja monga achitira pamaliro, anagwiranso dzanja la Nester, natuluka. Sanakweze mawu ngakhale kamodzi.

A Kaitano anatsala atakhala, kajumbo kali pamiyendo. Anafunafuna chonena, iwo amene sanasowepo chonena. Pachipata panali patafika kale amayi angapo atamanga zitenje, kumbuyo kwawo abambo awiri atavula zipewa. Mmodzi mwa abambowo anali mchimwene wake wa malemu Ambrose, amene anali atangobwerako kumene ku Thyolo kokaika. Wina mwa amayiwo anayamba kung'ung'udza nyimbo ija anaimba poperekeza thirela. Nester anayang'ana amuna ake, anayang'ana anthuwo, ndipo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Anthu analowa mmodzimmodzi, nakhala pansi mwakachetechete. Mchimwene wa Ambrose anasendera pafupi, nawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pepani, a Phiri," anatero. "Paja inu munatilirira, lero ndi ife kukulirirani. Watisiya ndani?"